Feteleza wa nano wa ku India: zomwe mayeso apeza ndi zomwe mlangizi ayenera kuuza alimi

Pa 31 Meyi 2021 bungwe la alimi lopanga feteleza ku India lotchedwa IFFCO linatulutsa feteleza wamadzi wotchedwa Nano Urea. Botolo la theka la lita linkagulitsidwa marupi 240, ndipo alimi anauzidwa kuti botolo limodzi lingalowe m'malo mwa thumba la urea la makilogalamu 45. Bungweli linanena kuti linayesa fetelezayu m'minda ya alimi pafupifupi 11,000 pa mbewu zoposa 90, ndipo zokolola zinakwera ndi 8 peresenti. Patangotha zaka zitatu, akatswiri ena a zanthaka m'dziko lomwelo anatulutsa zotsatira zosiyana kwambiri ndi zimenezi.

Nkhani imeneyi ikukhudza alangizi ndi alimi otsogolera chifukwa mtengo wa feteleza ukakwera, uthenga wakuti kabotolo kangagwire ntchito ya thumba umayenda mofulumira pa lamya ndi m'misika. Mlimi akaumva amakafunsa mlangizi wa m'dera lake kapena mlimi wotsogolera. Yankho lomwe alandire likhoza kumupangitsa kuti asagule feteleza wobereketsa chaka chimenecho, ndipo ngati yankholo linali lolakwika, adzalizindikira mu Epulo pokolola, nthawi yokonza cholakwikacho itadutsa.

Tanthauzo la liwu lakuti nano

Nanomita ndi muyeso wa utali. Milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000, ndipo tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mananomita 80,000. Luso la nano ndi lopanga ndi kugwiritsa ntchito tizidutswa ta pakati pa nanomita imodzi ndi mananomita 100. Tizidutswa ta mu Nano Urea, malinga ndi opanga ake, ndi ta pakati pa mananomita 20 ndi 50.

Chinthu chikaperedwa kufika pa msinkhu umenewu chimatha kusintha khalidwe. Chitsanzo chapafupi ndi shuga: wosinjasinja amasungunuka msanga m'madzi kusiyana ndi chibuluma, chifukwa madzi amamukhudza mbali zambiri nthawi imodzi. Pa tizidutswa ta nano kusinthaku kumakhala kwakukulu, moti tikhoza kulowa m'timabowo ta tsamba, kumamatira pa mbewu kapena kutulutsa mchere pang'onopang'ono. Ichi n'chifukwa chake akatswiri akuyesa lusoli pa feteleza ndi pa mankhwala ophera tizilombo. Kuchepa komweko ndi komwenso kumadzetsa mafunso a chitetezo, pakuti kachidutswa kolowa m'tsamba kakhozanso kulowa mkati mwa mapapo a munthu wopopera.

Masamu a botolo ndi thumba

Urea ali ndi nayitirojeni wokwana 46 peresenti. Thumba la ku India la makilogalamu 45 lili ndi nayitirojeni woposa pang'ono makilogalamu 20, pomwe thumba la makilogalamu 50 logulitsidwa m'Malawi lili ndi makilogalamu 23. Nano Urea woyambirira anali ndi nayitirojeni wokwana 4 peresenti, kutanthauza kuti m'botolo la theka la lita munali magalamu 20. Nayitirojeni wa m'thumba limodzi ndi wochuluka nthawi 1,000 kuposa wa m'botolo. Magalamu 20 amenewa amapezeka mu urea wamba wosakwana magalamu 45, wongodzadza chikhatho.

Opanga fetelezayu amayankha kuti urea wothira m'nthaka amatayika kwambiri. Izi ndi zoona: wina amauluka ngati mpweya, wina amakokoloka ndi mvula, ndipo kawirikawiri mbewu imangotenga gawo limodzi mwa magawo atatu. Iwo amati wopopera pamasamba amalowa m'mbewu pafupifupi yense. Komabe ngakhale mbewu itangotenga 30 peresenti ya nayitirojeni wa m'thumba, imakhala yalandira makilogalamu 6. Botolo, ngakhale litalowa lonse popanda dontho lotayika, limapereka magalamu 20 basi. Kusiyana kukadali nthawi 300.

Mbewu imafuna nayitirojeni popanga zomanga thupi za m'njere, ndipo kuchuluka kwake kumadziwika. Tani imodzi ya chimanga chotongola imakhala ndi nayitirojeni pafupifupi makilogalamu 15, osawerengera wotsala m'mapesi. Magalamu 20 angakwanire njere zolemera pafupifupi makilogalamu 1.3. N'chifukwa chake malangizo a chimanga cha haibulidi m'Malawi amafika pa makilogalamu 92 a nayitirojeni pa hekitala, omwe amachokera m'matumba awiri a feteleza wokulitsa ndi matumba atatu a urea. Ngati munda wopoperedwa wabereka bwino chonsecho urea anachepetsedwa, ndiye kuti nayitirojeni wotsalayo wachokera kwina: m'nthaka momwemo, m'manyowa, kapena mwa feteleza wa zaka zam'mbuyo.

M'chaka cha 2024 kunatuluka mtundu wina wotchedwa Nano Urea Plus wokhala ndi nayitirojeni wochuluka kasanu. Botolo lake la theka la lita lili ndi magalamu 100, omwe akadali ochepa kwambiri poyerekeza ndi makilogalamu 20 a m'thumba.

Zomwe mayeso ena anapeza

M'chaka cha 2023 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Copenhagen ku Denmark, Max Frank ndi Søren Husted, analemba m'magazini ya sayansi ya Plant and Soil kuti umboni womwe unalipo sunali wokwanira kutsimikizira zomwe alimi a ku India ankalonjezedwa. Iwo anachenjeza kuti malonjezo opanda maziko akhoza kutsitsa zokolola ndi kuchititsa anthu kukayikira ngakhale zinthu za nano zomwe zingadzakhale zothandizadi. Akatswiri ena anafunsanso chomwe chimasiyanitsa fetelezayu ndi urea wamba wosungunula m'madzi, poti urea akasungunuka amakhala kale m'tizigawo tochepera nanomita imodzi.

Ku yunivesite ya zaulimi ya Punjab, mumzinda wa Ludhiana, akatswiri anachita mayeso a zaka ziwiri pa tirigu ndi mpunga, ndipo zotsatira zake zinadziwika mu 2024. Pomwe anathira theka la nayitirojeni wovomerezeka m'nthaka n'kupopera Nano Urea kawiri, zokolola za tirigu zinatsika ndi pafupifupi 22 peresenti ndipo za mpunga zinatsika ndi 13 peresenti poyerekeza ndi pomwe anathira feteleza yense. Nayitirojeni wa m'njere, yemwe amasonyeza kuchuluka kwa zomanga thupi, anatsikanso.

Mayeso ena a m'dziko lomwelo anasonyeza kuti kupopera kumathandiza pang'ono pomwe feteleza wa m'nthaka waperekedwa yense kapena wachepetsedwa pang'ono chabe. Zimenezi sizodabwitsa, chifukwa kupopera urea wamba pamasamba ndi njira yodziwika kuyambira kale ndipo kumabiriwitsa mbewu kwa masiku angapo. Funso lenileni la kafukufuku ndi lakuti kodi mtundu wa nano umaposa urea wamba wopopera pa mlingo wofanana.

Chifukwa chomwe zotsatira zimasiyanirana

Mayeso awiri a chinthu chimodzi akhoza kusiyana chifukwa cha momwe anakonzedwera. Munda woyeserera feteleza wotere uyenera kukhala ndi zigawo zosachepera zisanu: chigawo chopanda nayitirojeni, chigawo cha urea yense, chigawo cha theka la urea popanda kupopera, chigawo cha theka la urea ndi kupopera nano, komanso chigawo cha theka la urea ndi kupopera urea wamba wokhala ndi nayitirojeni wofanana ndi wa m'botolo. Chigawo chachitatu chikasowa, palibe angadziwe ngati botolo lachitapo kanthu kapena ngati mundawo unangokwanitsa wokha ndi theka la feteleza. Chachisanu chikasowa, palibe angadziwe ngati chathandiza ndi luso la nano kapena urea yemwe ali m'madziwo.

Mbiri ya munda nayo ndi yofunika. M'madera ambiri a ku India urea ndi wotsika mtengo chifukwa boma limalipirako gawo lalikulu, ndipo alimi ena amathira wopitirira mlingo. M'munda wotere feteleza akhoza kuchepetsedwa chaka chimodzi kapena ziwiri zokolola osatsika, chifukwa mbewu ikudya zomwe zinatsalira m'nthaka. Nthaka ya m'minda yambiri ya alimi ang'onoang'ono m'Malawi ndi yosowa nayitirojeni kale, ndipo ilibe chosungira chotere. Kuwonjezera apo, mayeso a ku Punjab anali a tirigu ndi mpunga wothirira. Zotsatira zake, zabwino kapena zoipa, sizingasamutsidwe momwe zilili kupita pa chimanga chodalira mvula ku Lilongwe kapena ku Mzimba. Chomwe chimasamuka ndi masamu a nayitirojeni, chifukwa sasintha ndi dziko.

Chiopsezo ku thanzi ndi chilengedwe

Chiopsezo cha zinthu za nano chimadalira chinthu chomwe chaperedwacho, kukula kwa tizidutswa, maonekedwe ake ndi njira yolowera m'thupi. Kafukufuku wa mu 2008 anapeza kuti timachubu titalitali ta kaboni tinayambitsa zotupa m'mimba mwa mbewa zofanana ndi zoyamba ndi asibesitosi, pomwe timachubu tifupitifupi sitinatero. M'chaka cha 2022 mayiko a mu European Union analetsa kuika titanium dioxide m'zakudya akatswiri awo atalephera kutsimikiza kuti tizidutswa take sitiwononga maselo. Urea ndi chinthu chosiyana ndi ziwirizi, chimasungunuka ndipo mbewu zimachidya. Choncho si bwino kunena kuti zonse za nano ndi zoopsa, monganso si bwino kunena kuti zonse ndi zabwinobwino.

Zomwe zinachitika ku Germany mu Marichi 2006 zikusonyeza vuto la kudalira dzina. Mankhwala opopera m'bafa otchedwa Magic Nano anachotsedwa m'masitolo anthu oposa 100 atavutika kupuma. Nkhani inafala kuti luso la nano ladwalitsa anthu. Patapita miyezi iwiri, bungwe la boma loona za chiopsezo m'dzikolo linalengeza kuti m'mankhwalawo munalibe tizidutswa ta nano. Anthu anadwaladi, koma osati chifukwa cha tizidutswa ta nano. Liwu lolembedwa pabotolo silitsimikizira zomwe zili mkati.

Kale mu 2004 mabungwe a akatswiri a ku Britain, Royal Society ndi Royal Academy of Engineering, analangiza kuti tizidutswa ta nano tiziyesedwa ngati mankhwala atsopano ngakhale titachokera ku chinthu chodziwika, tisamatayidwe mwachisawawa m'chilengedwe, ndipo tizilembedwa pa chizindikiro cha katundu. Dziko la India linatulutsa ndondomeko yake younikira zipangizo zaulimi ndi zakudya za nano mu 2020. Kwa wopopera, malamulo ndi omwe aja a mankhwala ena onse: kuphimba mphuno ndi pakamwa, kuvala magolovesi ndi zovala za manja aatali, kusapopera moyang'anizana ndi mphepo, kusatsukira sipuleya mumtsinje kapena pachitsime, ndi kusagwiritsanso ntchito botolo posungira madzi, mafuta ophikira kapena mchere.

Zomwe kafukufuku wa kafotokozedwe ka chiopsezo wapeza

Pali akatswiri omwe ntchito yawo ndi kufufuza momwe anthu amamvera uthenga wa chiopsezo. Zitatu mwa zomwe apeza zikukhudza ntchito ya ulangizi.

Choyamba ndi chakuti kupereka mfundo kokha sikugwirizanitsa anthu. Dan Kahan wa pa yunivesite ya Yale ndi anzake anafunsa anthu oposa 1,800 a ku America, ambiri mwa iwo osadziwa kanthu za luso la nano. Gulu lina linapatsidwa uthenga wofotokoza ubwino ndi kuipa kwake mofanana. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2009 zinasonyeza kuti omwe anawerenga uthengawo anagawikana kwambiri kuposa omwe sanawerenge. Aliyense anatolamo zogwirizana ndi momwe amaonera kale makampani, boma ndi chilengedwe. Pamsonkhano wa alimi zimachitikanso motero: wokonda zatsopano amamva mtengo wotsika, woopa mankhwala amamva za mapapo, chonsecho mlangizi wayankhula mawu amodzi. N'chifukwa chake mlangizi ayenera kufunsa alimi zomwe amva asanatseke msonkhano.

Chachiwiri ndi cha chikhulupiriro. Paul Slovic anasonyeza mu 1993 kuti chikhulupiriro cha anthu pa akatswiri chimamangidwa pang'onopang'ono koma chimagwa ndi cholakwika chimodzi, pakuti nkhani yoipa imaoneka bwino ndipo imakumbukika kuposa zabwino zambiri. Mlimi wotsogolera yemwe wayamikira botolo n'kulephera, chaka chotsatira adzavutika kukopa anzake ngakhale pa nkhani ya kubzala mbewu imodzi paphando kapena kupanga manyowa, zomwe zili ndi umboni wokwanira.

Chachitatu ndi cha nthawi yofunsira anthu. Baruch Fischhoff wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon analemba mu 1995 momwe akatswiri anasinthira maganizo pa zaka 20. Poyamba ankaganiza kuti chofunika ndi kupeza manambala olondola, kenaka kuwauza anthu manambalawo, kenaka kuwafotokozera tanthauzo lake, mpaka anazindikira kuti anthuwo ayenera kutenga nawo mbali pa chiganizo. Njira imeneyi inayesedwa ku Zimbabwe mu 2006, pomwe bungwe la Practical Action, mogwirizana ndi bungwe la Demos ndi yunivesite ya Lancaster, linakumanitsa akatswiri ndi anthu a m'madera kuti akambirane ngati luso la nano lingathandize kuyeretsa madzi akumwa. Zokambiranazo zinayambira pa mavuto a madzi omwe anthuwo amakumana nawo, ndipo nkhani ya mtengo ndi kuthekera kosamalira chipangizo m'dera momwemo inakula kuposa ya tizidutswa. Mafunso otere ndi omwe mlimi amakhala nawo pa feteleza: mtengo wake, komwe angampeze, ndi yemwe adzayankhe mlandu mbewu ikapanda kubereka.

Mafunso a chilungamo

Nkhani ya ku India ikuonetsa mafunso atatu a chilungamo omwe amabwera ndi luso lililonse latsopano.

Loyamba ndi la yemwe amasenza kutaya. Wopanga ndi wogulitsa amalandira ndalama tsiku logula. Mlimi ndi amene amadikira miyezi inayi, ndipo zikalephereka chakudya chimachepa pakhomo pake. Kwa banja lokolola matumba 20 a chimanga, kutsika kwa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi matumba anayi, chakudya cha miyezi ingapo ya nthawi ya njala. Pachifukwa ichi udindo wopereka umboni uli kwa wogulitsa, ndipo umboniwo uyenera kuchokeranso kwa akatswiri omwe sapindula ndi malondawo.

Lachiwiri ndi la ufulu wosankha. Alimi a m'madera angapo a ku India anadandaula kuti ogulitsa ena ankakana kuwagulitsa thumba la urea pokhapokha atagulanso botolo. M'chaka cha 2025 nduna ya zaulimi ya dzikolo, Shivraj Singh Chouhan, inalembera atsogoleri a zigawo kuti aletse mchitidwe umenewu. Kuchuluka kwa mabotolo ogulitsidwa m'njira yotere sikusonyeza kuti alimi akhutira nawo.

Lachitatu ndi la minda yachitsanzo. Kampani ikapereka katundu waulere kwa mlimi wotsogolera kuti aonetse anzake, mlimiyo ayenera kuuzidwa momveka kuti chinthucho chikuyesedwa, kuti zokolola zikhoza kutsika, komanso yemwe adzabweze zikatsika. Alimi obwera kudzaona ayenera kudziwa yemwe walipira mundawo ndi feteleza wina yense yemwe wathiridwamo. Munda wa chaka chimodzi wopanda chigawo chofananizira ndi chionetsero cha malonda, ndipo suyenera kulembedwa m'malipoti ngati kafukufuku.

Zoyenera kuchita mlangizi akafunsidwa

Mlangizi ayambe ndi kuwerenga chizindikiro cha pabotolo pamodzi ndi mlimi. Ngati palembedwa kuti nayitirojeni ndi 4 peresenti, ndiye kuti lita imodzi ili ndi magalamu pafupifupi 40. Nambala imeneyi ayiike pambali pa makilogalamu 23 a m'thumba la urea, mlimi aone yekha. Masamu amenewa amagwira ntchito pa feteleza wamadzi aliyense, wa nano kapena ayi.

Kenaka afufuze ngati katunduyo ndi wovomerezeka m'dziko muno. Maluso atsopano a zaulimi amaunikidwa ndi komiti ya Agricultural Technology Clearing Committee asanalowe m'malangizo, ndipo mankhwala ophera tizilombo amalembetsedwa ku Pesticides Control Board. Katundu wopanda dzina la wopanga, wopanda mlingo wa zomwe zili mkati kapena wopanda tsiku lothera mphamvu akanenedwe ku ofesi ya zaulimi ya m'dera.

Pofotokozera alimi, mlangizi asiyanitse zinthu zitatu: zomwe zatsimikizika, zomwe wogulitsa akunena, ndi zomwe zikadali kuyesedwa. Pa Nano Urea, chotsimikizika ndi kuchuluka kwa nayitirojeni wa m'botolo ndi zomwe chimanga chimafuna. Zakuti botolo lingalowe m'malo mwa thumba ndi mawu a opanga, omwe mayeso a ku Punjab sanagwirizane nawo. Zomwe zikadali kuyesedwa ndi phindu la kupopera moonjezera pa feteleza wokwanira, komanso zomwe zimachitika m'nthaka pakapita zaka zambiri. Kunena kuti chinthu sichinayesedwe pa chimanga cha m'dera lino ndi yankho lokwanira, ndipo silichotsa ulemu wa mlangizi.

Mawu oopseza ndi mawu otamanda apewedwe mofanana. Kuuza alimi kuti feteleza wa nano ndi poizoni popanda umboni kukhoza kutseka khomo la zinthu zina zomwe kafukufuku angadzazivomereze. Kuwauza kuti ndi mayankho a kukwera mtengo kwa feteleza kukhoza kuwasiyitsa thumba lomwe likanawapatsa chakudya.

Mlimi yemwe akufunabe kuyesa alangizidwe kutero pa mizere yochepa, munda wonse authire feteleza monga mwa nthawi zonse. Pafupi ndi mizere yopoperayo asiye mizere ina yolandira feteleza wa m'nthaka wofanana koma yosapopera. Pokolola ayeze chimanga chouma cha chigawo chilichonse pasikelo, pakuti kubiriwira kwa masamba mu Januwale sikunena kulemera kwa njere. Alembe tsiku lobzala, mtundu wa mbewu, feteleza yense wothiridwa ndi ndalama zomwe zalowa, kuphatikizapo za sipuleya ndi aganyu opopera. Mayesowa abwerezedwe pa mizere yomweyo kwa zaka zosachepera zitatu kuti zioneke ngati nthaka ikuguga, ndipo zotsatira zake, kaya zokomera botolo kaya ayi, zitumizidwe ku ofesi ya zaulimi ya m'dera kuti ziphatikizidwe ndi za alimi ena.